Tifunseni: Nsomba zayandama mumtsinje, titole kapena tizisiye?

Mwezi uno makalata komanso mauthenga a pa WhatsApp ambiri abwera a nkhani imodzi, nsomba ndi madzi oipa, nde tangoti tiwaike pamodzi. Ena tawadula poti anali atali kwambiri, musakwiye.

A Mkonzi, ine ndimakhala kufupi ndi mtsinje wa Mudi. Masiku ena madzi amakhala akuda bii, pena amachita thovu, fungo lake nde osanena. Koma chodabwitsa anyamata amawedza milamba kumunsi kuno ndipo imakhala yonenepa bwinobwino. Ngati mlamba ukukhalamo mpaka kunenepa, si ndiye kuti madziwo alibe vuto kwenikweni?
*Bambo wa ana atatu, Blantyre*

Bambo, za ukhondo wa madzi musamafunse mlamba, ukunamizani. Mlamba uli ndi kachiwalo kapadera mmutu, pamwamba pa makha, kamene kamauthandiza kupuma mpweya wa kunja kuno. Ndi chifukwa chake mumauona ukubwera pamwamba nkumeza mpweya kenako nkubwerera pansi, komanso ndi chifukwa chake umakhala maola ambiri uli moyo mu beseni pamsika pomwe chambo chafa kalekale. Funso labwino ndi loti, kupatula mlambawo mulinso chani mmadzimo? Matemba alimo? Makumba? Nkhanu? Mukapeza kuti watsala ndi mlamba wokha basi, dziwani kuti enawo anathawa kapena anafa.

Nsomba zina zambiri moyo wake uli pa makha, tija tofiira ta mmbali mwa mutu timene amayi amachotsa pokonza ndiwo. Mmadzi mpweya wa okosijeni ndi wochepa kwambiri, lita imodzi ya madzi ofunda ngati a kuno kwathu imasunga mamiligalamu 8 kapena kucheperapo, nde nsomba imayenera kupopa madzi ambirimbiri kudutsa pa makha usana ndi usiku osapuma, ndipo khungu la pamenepo ndi lopyapyala zedi kuti mpweya uzilowa mmagazi mosavuta. Vuto ndi loti pomwe palowera mpweya ndi pomwenso palowera poizoni. Inu mukhoza kukana kumwa madzi a mu Mudi, nsomba ilibe kokanira.

Zonyansa za mu suweji yophulika, zotsalira za mmafakitale a zakudya ndi zakumwa, magazi a kophera nyama, zonsezi zikalowa mumtsinje mabakiteriya amayamba kuziwoletsa ndipo powoletsapo amatha okosijeni yense. Kuda kuja ndi fungo la mazira owola lija ndi chizindikiro choti pansi pa madzipo mpweya watheratu. Ndiye palinso zitsulo, mtovu wa mmabatire akale, chromium wa kofufutira zikopa, oyilo wa mmagalaji. Izi siziwola, zimakhazikika mmatope, ndipo amene amakhala ndi kudya mmatopemo tsiku lonse ndi mlamba womwewo. Zambiri zimakaunjikana mu chiwindi ndi mu impso zake. Kunenepa kuja kusakupusitseni, ukudya zonyansa zambiri basi. Ana anu ine sindingawalangize kudya mlamba wa pakati pa tauni.

Zikomo a Mkonzi. Ndili ndi dimba la tomato ndi kabichi, ndipo ndikamaliza kupopera ndimatsuka sipuleya pa kamtsinje kamene kamadutsa mmunsi mwa dimba. Sabata yatha nsomba za mu damu la neba wanga zafa zambiri, iye akuti ndine ndapha, nkhani yafika mpaka kwa amfumu. Koma zoona timadzi totsukira sipuleya tingaphe damu lonse? Ine ndikuona ngati ndi nsanje chabe.
*Mlimi wa ku Dedza*

Achimwene, pepani koma yankho silikukomerani. Ngati damulo limatenga madzi pa kamtsinje komweko, nzotheka ndithu.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Mankhwala ambiri amene alimi a tomato akupopera masiku ano ndi a gulu la cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin. Botolo la cypermethrin lolembedwa 20EC limatanthauza kuti mu lita imodzi muli magalamu 200 a poizoni weniweni, nde kasipuni ka tiyi kamodzi, mamililita 5, muli galamu imodzi. Damu la mamita 10 kwa 20 lozama mita imodzi limasunga malita 200,000. Galamu imodzi ija ikasungunuka mmenemo, lita iliyonse ikhala ndi mamaikulogalamu 5 (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo mlingo umenewo ndi wokwana kupha mitundu yambiri ya nsomba makamaka tating'ono. Kasipuni kamodzi! Munthu, mbuzi kapena nkhuku, chiwindi chimaphwanya mankhwala amenewa mwachangu, koma nsomba imawaphwanya mochedwa kwambiri ndiye amakafika mu ubongo ndi mmitsempha ali ndi mphamvu zonse.

Koma musanalipire mbuzi kwa amfumu, afunseni aneba anuwo mmene nsombazo zinafera chifukwa imfa ya mankhwala ndi imfa ya kusowa mpweya sizifanana. Ya mankhwala imabwera nthawi ina iliyonse olo masana dzuwa likuswa mtengo, nsomba zimasambira mozungulirazungulira, kudumpha, kunjenjemera, zina chagada, zimayamba kufa ndi zing'onozing'ono, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza nkhanu ndi tizilombo ta mmadzi tafanso, osati mu damu mokha komanso mu kamtsinjemo kuyambira pomwe mumatsukira kutsika mmunsi. Ya kusowa mpweya imachitika mbandakucha, nsomba zimadzaza pamwamba kukamwa kuli yasa, zimayamba kufa ndi zikuluzikulu, nkhanu ndi achule zili bwinobwino. Itanani mlangizi wa nsomba ku ofesi ya zausodzi ya boma lanu aone, asaweruze ndi mtima amfumu okha.

Olo zitapezeka kuti si inu, chizolowezi chotsukira mumtsinjecho chisiyeni. Tungani madzi mu ndowa, katsukireni kumtunda kutali ndi mtsinje, tsukuluzani katatu ndipo madzi otsukirawo muwapopere mmunda momwemo. Botolo likatha liboleni kuti wina asadzathiremo mafuta ophikira kapena kachasu. Osapopera mvula ikuoneka kuti igwa. Ndipo poti tili pompano, maneti a udzudzu aja amanyikidwa mmankhwala a gulu lomweli, permethrin kapena deltamethrin, nde amayi amene amachapira neti yatsopano pa chithaphwi chokhala ndi nsomba, komanso abale athu amene amakokera nayo usipa, akuchita zomwe mukuchita inuzi, kungoti wawo mlingo ndi wochepa.

Ine damu langa ndinathiramo zitosi za nkhuku matumba angapo ndi feteleza wa urea pang'ono kuti madzi abiriwire monga anatiphunzitsira. Anabiriwiradi mpaka kuchita kukhuthala. Tsiku lina kunja kunachita mitambo, mmawa mwake ndapeza makumba akuluakulu ali mbuu pamwamba. Palibe amene anapopera mankhwala pafupi. Kodi sanandilodze?
*Mayi woweta nsomba, Zomba*

Mayi, palibe wakulodzani, manyowa anachuluka. Kubiriwira kuja ndi ndere zing'onozing'ono zimene makumba amadya, nzabwino ndithu, masana zimatulutsa okosijeni. Koma usiku nazonso zimapuma, zimamwa okosijeni yemweyo limodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya amene akuwoletsa zitosi pansi, ndiye ukakhala kuti masana ake kunali mitambo ndere sizinapange mpweya wokwanira, pofika 4 koloko mmawa mu damu mulibe kanthu.

Palinso ammonia, amene amachokera ku urea, ku zitosi komanso ku nsomba zomwezo. Madzi akatentha komanso akabiriwira kwambiri ammonia amasanduka mtundu wake woopsa umene umawotcha makha nkulowa mmagazi. Mnzake ndi nitrite, ameneyu amaononga magazi kuti asanyamule mpweya, mukatsegula makha a nsomba yoteroyo mupeza si ofiira koma akuda ngati chokoleti.

Muyeso wake ndi mkono wanu. Pisani mmadzi mpaka mu chigongono, ngati chikhatho chikusowa musanafike mu chigongono ndiye kuti manyowa akwana, lekani kuthira. Mukaona nsomba zikupuma pamwamba mmawa lowetsani madzi atsopano msanga ndipo tsiku limenelo musazipatse chakudya. Zomwe zachitika mu damu lanuzi zimachitikanso mmitsinje ndi mnyanja feteleza wa mminda akakokoloka, ndipo namasupuni amene amavutitsa mu Shire uja amakondwa ndi chakudya chomwechi. Inu a ku Zomba muzikumbukiranso kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, chimene Likangala, Domasi kapena Thondwe wabweretsa chimakhala momwemo.

Agogo anga ankapha nsomba ndi katupe chaka ndi chaka, mudzi wonse unkadya, palibe anafa. Lero mukuti ndi mlandu. Si zachizungu chabe izi?
*Mnyamata wa ku Nkhotakota*

Mphwanga, mbali ina ukunena zoona. Zomera zambiri zophera nsomba, monga ombwe, zili ndi poizoni wotchedwa rotenone amene amalowa pa makha nkutseka thupi la nsomba kuti lisathe kugwiritsa ntchito mpweya, olo mpweyawo uli mmadzi wambiri. Kwa munthu wodya nsombayo savuta kwenikweni poti mmimba salowa bwino, komanso padzuwa ndi mmadzi ofunda amatha mphamvu pa masiku ochepa. Nchifukwa chake agogo anakalamba.

Koma katupe sasankha. Amapha yoti ulowe nayo mu poto, amaphanso tiana tosaoneka ndi maso tomwe palibe angatole, ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Nthawi ya agogo anthu anali ochepa, maiwe ambiri, ankathira dziwe limodzi mchilimwe ena nkutsala, mvula ikabwera nsomba nkubwereramo. Pano dziwe lililonse lili ndi mwini katupe wake. Ndipo iwe wa ku Nkhotakota ukudziwa kuti mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje ngati Bua kukaikira mazira pa miyala, tiana take nkukhala mumtsinjemo kaye tisanatsike. Ukathira poizoni mmaiwe a mtsinje ngati umenewo wapha mpasa wa zaka zikubwerazi. Funsa akuluakulu za ntchila, mmene inkachulukira kale ndi mmene ikusowera pano.

Chachiwiri ndi ichi, anyamata ambiri lero sakumbanso katupe, aulesi, amangogula botolo la mankhwala a thonje kapena a tomato nkukhuthulira mdziwe, nsombazo nkukagulitsa pamsika ngati zowedza. Amenewo si rotenone ayi, ena mwa iwo amapha munthu. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena zophulika, ndipo pamenepa ine ndili mbali ya lamulo.

A Mkonzi, ndine woyembekezera miyezi isanu. Kwathu kuno anthu akukumba golide mmbali mwa mtsinje ndipo ndamva kuti ena amagwiritsa ntchito mercury. Ku sikelo amatiuza tizidya nsomba, pa Facebook akuti nsomba zili ndi poizoni. Nditsate ziti? Kodi ndikaiwamba bwino kapena kuikazinga kwambiri poizoniyo sangathe?
*Mayi wa ku Mangochi*

Mayi, tiyambe ndi chomalizacho, ayi sangathe. Mercury amamatirira mu mnofu weniweniwo, kukazinga, kuwamba, kuyanika, kuthira mandimu kapena viniga sizimuchotsa.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Okumba golide amasakaniza mercury ndi mchenga kuti agwire tizidutswa ta golide, kenako amawotcha kuti mercury auluke golide atsale. Wina amatayikira mmadzi, wouluka uja amadzagwanso ndi mvula. Akafika mmatope a pansi pa mtsinje kapena mdambo momwe mulibe mpweya, mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, ndipo ameneyu ndiye woopsa poti akalowa mthupi la chamoyo amatuluka mochedwa kwambiri. Ndere zimamwa pang'ono, tizilombo tidya nderezo, kansomba kadya tizilombo masauzande, nsomba yaikulu idya tinsomba mazanamazana pa moyo wake, ndipo pa sitepe iliyonse akungochuluka ngati ngongole ya katapira. Madzi okhawo mutawayeza mwina simupezamo kanthu kooneka, koma nsomba yaikulu yodya zinzake ikhoza kukhala naye wochuluka kuposa madziwo kamiliyoni. Ku nsombayo amaononga mitsempha ndi kuswana, kwa mwana amene ali mmimba amasokoneza kakulidwe ka ubongo.

Izi si nthano. Ku Japan, mu tauni ya Minamata, matenda ake anadziwika mu 1956 fakitale ya Chisso itatayira mercury mmadzi kwa zaka, amphaka odya nsomba ndiwo anayamba kupenga kenako anthu, ana ena anabadwa olumala amayi awo akuoneka abwinobwino. Pangano la maiko lochepetsa mercury la 2013 linatchedwa dzina la tauni imeneyo. Ku Canada fakitale ya mapepala ya ku Dryden inataya makilogalamu pafupifupi 9,000 mumtsinje wa Wabigoon pakati pa 1962 ndi 1970, usodzi unatsekedwa mu 1970, koma mpaka lero anthu a ku Grassy Narrows, mudzi wa kumunsi kwa mtsinjewo, akudwalabe nazo. Zaka zoposa 50. Mankhwala a DDT nawonso amakwera masitepe omwewa kungoti iwo amabisala mmafuta, ndipo ku nyanja ya Kariba mzaka za mma 1980 anapeza kuti mazira a nkhwazi akupyapyala zikamba chifukwa cha DDT amene ankapopera ntchentche za kashembe ndi udzudzu.

Nde musiye nsomba? Ayi ndithu, a ku sikelo akunena zoona. Usipa, matemba, utaka, izi ndi nsomba za moyo waufupi zodya tizilombo ting'onoting'ono, sizikhala ndi nthawi younjika poizoni, komanso poti timadya ndi mutu ndi minga yomwe zimapatsa mwana wanu calcium, ayironi ndi mafuta omanga ubongo. Chambo ndi makumba nazonso zimadya ndere, zili pansi pa masitepe aja. Zoti muchepetse panopa ndi zikuluzikulu zokalamba zodya zinzake, ndipo makamaka mlamba waukulu wogwidwa mumtsinje kapena mdambo lomwe lili kumunsi kwa okumba golidewo. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu, usipa wake idyani mtima uli mmalo. Chodetsa nkhawa ndi cha mtsogolo, poti nyanjayi ili ndi khomo limodzi lotulukira madzi, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka pouluka ndi dzuwa kusiya zonse zinali mmenemo, nde chimene chalowa chimatenga zaka mazana kuti chituluke. Ngati amuna anu ali mgulu la owotcha golide, asamawotchere mnyumba kapena pafupi ndi inu, utsi wakewo ndi woopsa kuposa nsomba.

Ndimakhala ku Kitwe koma kwathu ndi ku Chipata. Mu 2025 tinaona nsomba zitafa mu Kafue, madzi a mmipopi anatsekedwa. Boma linathira laimu ndi ndege, madzi anayeranso. Ndiye kuti zatha?
*Mlongo wanu wa ku Copperbelt*

Achemwali, kwa amene sanamve, pa 18 February 2025 damu losungira zotsalira za mgodi wa kopa la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi, malinga ndi chiwerengero choyamba chimene chinalengezedwa, anathamangira mumtsinje wa Mwambashi nkukalowa mu Kafue. Nsomba zakufa zinaoneka mpaka makilomita 100 kumunsi. Kafue yemweyu ndi amene amamwetsa Lusaka.

Asidi amapha mwachangu. Nsomba zambiri zimakhala bwino pH, muyeso wa asidi mmadzi, ikakhala pakati pa 6.5 ndi 9, ikatsika kufika pa 4 zimafa. Nsomba ya mmadzi opanda mchere thupi lake lili ndi mchere wambiri kuposa madzi oizungulira, ndiye makha amagwira ntchito ina yokoka mchere kuti usathe mthupi. Asidi ndi kopa zimaononga ntchito imeneyi, mchere umatuluka, magazi amalimba, mtima nkulephera. Pamwamba pa apo asidi amasungunula aluminiyamu, ameneyo amakamatira pa makha, nsomba imatulutsa mamina ambiri podziteteza mpaka kudzitsamwitsa yokha.

Laimu amathandizadi, amapha ukali wa asidi. Koma zitsulo sazichotsa, amangozigwetsa pansi. Kopa, cobalt, manganese ndi zinzake zimakhala mmatope kudikira madzi osefukira kuti azivundule. Ndipo kopa olo wochepa kwambiri, woti sangaphe nsomba, amaipha mphuno. Nsomba imadalira fungo posaka chakudya, pozindikira mdani ndi popeza malo oswanirana, ndiye ikhoza kumasambira ikuoneka yamoyo koma siikuswana bwino ndipo ikudyedwa mosavuta. Izi sizituluka pa TV chifukwa palibe choyandama choti ajambule. Kuyera kwa madzi ndi maso si umboni, umboni ndi zotsatira za kuyeza matope ndi nsomba zenizenizo, ndipo a ZEMA, bungwe loona zachilengedwe ku Zambia, ndi amene muyenera kumawafunsa zimenezo mosatopa.

Nsomba za mumtsinje wathu zinkatuluka zilonda zofiira, zina mnofu kuchita kudyeka. Anthu ankati wina wathira mankhwala. Zoona?
*Msodzi wa ku Mchinji*

Bambo, zimenezo si mankhwala, ndi matenda otchedwa EUS, amene anapezeka koyamba mMalawi mu 2020 konko ku Mchinji mmitsinje ya Bua ndi Rusa. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa nkhungu ya mmadzi kamene kamaboola khungu nkulowa mu mnofu, ndipo kamakonda nyengo yozizira. Kugwirizana kwake ndi nkhani yathuyi nkoti kamalowa mosavuta khungu likakhala kuti lawonongeka kale, monga ndi madzi a asidi, komanso nsomba yokhala mmadzi oipa chitetezo chake chimakhala chofooka. Musasamutse nsomba zamoyo, maukonde kapena mono kuchoka pamalo odwala kupita kwina, ndipo ya zilonda ikwirireni.

Kunyanja nakonso si imfa iliyonse ili ya poizoni wa anthu. Kupitirira mamita 200 kapena 250 pansi, nyanja ya Malawi ilibe okosijeni, muli mpweya wonunkha wa sulphur. Mwera ukaomba mwamphamvu masiku angapo madzi apansiwo amatha kukwera nkupha nsomba.

Ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Mwana wina anandifunsa ngati nzoona kuti mankhwala amasandutsa nsomba yaimuna kukhala yaikazi. Ndinamuuza kuti ndikafufuza.
*Mphunzitsi, Lilongwe*

Aphunzitsi, mwanayo wamva zoona, kungoti siisanduka yaikazi yeniyeni, imasokonekera. Mu suweji mumakhala mahomoni achikazi amene amatuluka ndi mkodzo, achilengedwe komanso a mmapiritsi, kuphatikizapo mankhwala ena a mu sopo wa mmafakitale, mapulasitiki ndi ophera tizilombo amene thupi la nsomba limawatenga ngati mahomoni omwewo. Yaimuna imayamba kupanga zinthu zopangira dzira, mpaka timazira kupezeka mkati mwa ziwalo zake zaumuna. Ku South Africa anazipeza mu 2004 mmilamba ya mu damu la Rietvlei pafupi ndi Pretoria, mlamba womwe uno wathuwu.

Kafukufuku woti mukawafotokozere ana ndi wa ku Ontario, Canada, wotsogoleredwa ndi Karen Kidd. Kuyambira 2001 mpaka 2003 ankathira dala homoni ya mmapiritsi olera mu kanyanja koyeserera kotchedwa Lake 260, mlingo wa mananogalamu 5 kapena 6 pa lita, ndipo nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu. Palibe tsiku limene nsomba zinayandama. Kansomba kotchedwa fathead minnow kanangosiya kuswana, pasanathe zaka zambiri kanatsala pang'ono kutheratu mnyanjamo, ndipo nsomba zazikulu zimene zinkadya kameneka zinachepanso. Atasiya kuthira, patapita zaka zingapo kanabwerera. Kwa ine iyi ndiye imfa yoopsa kuposa ya ku Kafue ija, chifukwa msodzi amangoona kuti ukonde ukupepuka chaka ndi chaka osadziwa woloza chala.

Chonde anawo asakauze amayi awo kuti asiye kulera, nkhani si imeneyo. Mayi aliyense, olo sakumwa mapiritsi, amatulutsa mahomoni, ng'ombe nazonso. Vuto ndi suweji yolowa mumtsinje isanayeretsedwe mokwanira.

Mwachidule a Mkonzi, tikapeza nsomba zayandama zambiri titani? Kunena zoona ife timangotola, ndiwo zavuta.
*Wowerenga wa ku Chikwawa*

Tikudziwa kuti ndiwo zavuta achimwene, koma musatole, musagulitse, musapatse galu, nkhumba kapena nkhuku. Simukudziwa chomwe chazipha, ndipo olo zitakhala kuti zafa ndi kusowa mpweya chabe, nsomba yofa yokha mmadzi otentha a ku Chikwawa imayamba kuwola pa maola ochepa. Letsani ana kusamba pamenepo, ziweto zikamwe kwina, uzani a kumunsi kwa mtsinje mwachangu.

Kenako sungani umboni tsiku lomwelo, chifukwa mtsinje umayenda, akuluakulu akamafika mawa kapena mkuja poizoni amakhala atapita. Tengani mabotolo oyera, a galasi ngati alipo, mutsuke ndi madzi a mumtsinje omwewo, mutunge mabotolo awiri pomwe nsomba zafera, awiri kumtunda komwe zili bwino, awiri pa paipi kapena ngalande imene mukuikayikira. Mudzaze mpaka pakamwa, mutseke, mulembe malo, tsiku ndi nthawi, muike pozizira posafika dzuwa. Valani pulasitiki mmanja. Nsomba zothandiza poyeza ndi zimene zikufa kumene osati zotupa kale, zikulungeni muike pa ayezi. Jambulani ndi foni, makamaka mtundu wa madzi ndi makha a nsomba zingapo, muonenso ngati nkhanu ndi achule zafa.

Mukatero kanenani kwa amfumu, ku komiti ya usodzi ya pa dooko ngati ilipo, ku ofesi ya zausodzi ndi kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya boma lanu. Nkhani ya fakitale kapena esiteti imapita ku MEPA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, komanso ku National Water Resources Authority amene amapereka zilolezo zotayira madzi oipa mmitsinje. Ya mankhwala a mmunda ogulitsidwa mwachinyengo kapena oletsedwa ndi ya Pesticides Control Board. Popereka mabotolowo lembani dzina la amene walandira ndi tsiku, ndipo botolo limodzi la malo aliwonse musunge nokha.